Kachigamba Kodziwa ku Maka

Naima amakhala pa Chimbiya. Akufuna kuyamba sukulu. Akufunitsitsa zedi!

Koma pali vuto. Bambo ake, a Twaibu, adasiya kuona chaka chatha. Nthawi yoswali ikakwana, Naima amawagwira dzanja. Amawatembenuza kuti ayang'ane ku Maka, komwe Asilamu amayang'ana popemphera.

Masana amayi amakhala kumsewu. Amagulitsa kachewere. Sukulu nayo ili kutali, kuseri kwa phiri. Nanga abambo adzawatembenuza ndani?

Loweruka kudabwera azakhali a Hadija. Iwo amaphunzira zopanga zipangizo zamagetsi.

"Naima, tambasula dzanja," adatero azakhali.

Iii! Kachigamba kakang'ono! Kopyapyala ngati khoko la anyezi. Naima adakapinda. Sikadathyoke. Adakapindanso. Sikadathyoke!

"Dziko lathuli lili ngati maginito aakulu," adatero azakhali. "Kachigambaka kamamva mphamvu yake. Ndakatchera kale. Achimwene akaloza ku Maka, kazinjenjemera."

Adakamata pamkono pa abambo. Abambo adaloza kutsogolo. Adatembenuka pang'onopang'ono.

Njenjenje!

"Kanjenjemera!" adafuula abambo.

"Ayi, Ababa!" adatero Naima. "Kumeneko n'kudimba la kabichi!"

Adayesanso. Njenjenje! Tsopano kumsewu. Azakhali adagwira pakamwa. Naima mtima udamuwawa. Sukulu ija basi yapita?

Naima adayang'anitsitsa abambo. Mkono uwo, kachigamba ako. Nanga ichi cholendewera pamkonopo? Wailesi! Abambo sasiyana nayo wailesi yawo.

"Azakhali, kodi muwailesi muli maginito?"

"Eya, alimo!" adatero azakhali. "Ndi amene akukasokoneza!"

Naima adatenga wailesi. Adathamanga nayo kuchipinda. Adabwerako ali wefuwefu.

Abambo adalozanso. Adatembenuka. Adatembenukabe.

Njenjenje!

"N'komweko! N'komweko, Ababa!" Naima adalumphalumpha. "Lolemba ndikupita kusukulu!"

Azakhali adaimba nthungululu. Abambo adaseka mpaka misozi.

Kenaka Naima adasiya kulumpha.

"Ababa, ndiye ine ntchito yanga yatha?"

Abambo adafufuza mutu wake ndi dzanja. Adaupeza. Adausisita.

"Kachigambaka kakudziwa ku Maka," adatero. "Koma sikadziwa kucheza. Masana kazinditembenuza iko. Madzulo uzinditembenuza iweyo, uku ukundiuza zakusukulu."

"Zonse?"

"Zonse, osasiyako ngakhale chimodzi."

Naima adawagwira dzanja mwamphamvu.

"Ndiye mukonzeke, Ababa. Ine ndimalongolola!"