Thumba la ku Phanga Lopuma

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi Marcelina, wogulitsa kachewere pamsika wa Tsangano, tsiku limene shapa, minibasi imene tinakwera, inatifera pomwepo. Ndayenda ine, ndamva zambiri, koma iyi yakana kundichoka m'mutu.

Nkhondo yapachiweniweni ili pakati, anthu a mudzi wa Marcelina ankakhala m'tchire kuseri kwa Chidzolomondo. Nkhokwe zinali zitatenthedwa. Mvula inali pafupi, chodzala palibe. Amalume ake, a Gervásio, osaka mbira za m'miyala, ndiwo anati, "Ndinabisa thumba la kachewere ku Phanga Lopuma. Muja mumazizira chaka chonse, mbewu siwola." Ananyamuka atatu: nkhalambayo, Marcelina, ndi mlamu wake Octávio, kakhasu kali m'manja.

Phiri lake ndi la mwala wa mchenga, wosanjikizana ngati mphasa pamsika. Ukaukanda ndi chikhadabo umayoyoka. Njira inali kakhonde ka mwala kokwana phazi limodzi, kumanzere phompho.

"Pondani chakukhoma," anatero a Gervásio. "M'mphepetemo kunsi n'kodyeka."

"Akunyada, mawondo anuwo akuimba ng'oma," Octávio anaseka Marcelina, pomutchula "alamu" m'Chipwitikizi.

"Nanga anuwo akuvina gule wanji? Yang'anani kutsogolo, bambo," anabweza Marcelina.

Dzuwa linali lowotcha mpaka m'mano, koma pakhomo la phanga panali kutuluka mphepo yam'chisanu. A Gervásio anagwada, nathira ufa pamwala kupempha eni malo.

"Amalume, ufa woyera pamwala wofiira, wodutsa sauona?" anafunsa Marcelina.

"Iwe umalowa m'nyumba ya eni osaodira?"

Thumba analipeza, kachewere ali gwa. Akulimanga ndi luzi, kunja kunamveka mawu a amuna ndi kugundana kwa mfuti.

"Epa! Ufa uwu ngwa lero. Muli anthu muno. Tulukani!"

Anali a mbali iti, Marcelina sanandiuze, nanenso sindinafunse. Udzu unayamba kuthetheka pakhomo. Ankafuna kuwafukiza ngati mbewa kuuna. Koma phanga lija m'chilimwe limapumira kunja, ndiye utsi unabwerera kwa eni moto, ali kutsokomola, ali kutukwana. Mmodzi anakuwa kuti moto ukazima alowa okha.

Atatu aja anakwawira kumapeto, mumdima wosaona dzanja. A Gervásio anawaza ufa wotsala kukhoma, akunong'ona mayina a akufa. Ufawo unabwerera kumaso kwa Marcelina, mpaka m'kamwa.

"Mayo, akana nsembe," inalira nkhalamba. "Atilavulira."

Marcelina anapukuta maso. Mphepo yotuluka pakhomo, anaganiza, ili ndi kumene imalowera. Anaimirira, napapasa khoma, ndipo pamwamba pa mutu wake zala zinapeza mng'alu wouzira.

"Akunyadu, kakhasu kaja," anauza mlamu wake. "Kumbani apa, msanga!"

Octávio anakumba. Mwala unagumuka ngati shuga wogwirana, mchenga uli m'khosi, m'maso. Kenako kunaoneka kuwala. Kumtunda kunali mpata woimirira, m'mbali mwake timakhonde topyapyala ngati makwerero. Octávio anakwera, kakhonde kam'munsi kanathyoka. Marcelina anatsatira, kena kanathyokanso, nalendewera ndi manja mpaka mlamu wake anamukoka. Atafika pamwamba, nkhalamba inalibenso popondera. Analumikiza chitenje ndi malaya a Octávio, natsitsa.

"Amalume, gwirani!"

"Thumba kaye," akuti inayankha nkhalamba.

Thumba linakwera likukhula mwala, mchenga uli psuu. Litangotuluka, mlomo wa dzenje unagumuka, ndipo chimwala chathyathyathya chinatsekapo. Anachikankha, anachikanda, osasuntha. Pansi pa mapazi awo anamva nsapato, kenako mfuti, mawu ake ngati a munthu wotsokomola m'bulangete.

Anatsetsereka kuseri kwa phiri. Octávio, wanthabwala uja, sanasekenso ulendo wonse. Kumsasa anthu analulutira thumba, ndiye wina anafunsa kuti a Gervásio atsalira pati. Mvula itagwa anadzala, ndipo chaka chimenecho anadya. Kachewere wa pamsika wake, akutero mayiyo, ndi zidzukulu za mbewu yomweyo. Anandipatsako wodzaza manja, nakana ndalama.

Za utsi wobwerera sindikayika, popeza ndinaimapo pakhomo la phanga lotere, malaya akundiwomba kumsana dzuwa lili phwee. Za ufa ndikuvomera. Chimene sindikhulupirira ndi mawu aja akuti "thumba kaye". Powanena mayiyo anayang'ana kumbali, ndipo ine ndikuganiza kuti mawuwo sanachokere pansi pa dzenje, koma pamwamba.