Tsiku Limene Kalawe Anakana Kutsanula Mowa

M'chaka cha 2074, ku Bembeke kunalibe wofulula mowa woyenda mwamatama ngati Mai Ndaziona. Chowanyaditsa chinali Kalawe, loboti ya msinkhu wa mbuzi, yokhala ndi mkono umodzi wautali wothera m'lilime lagalasi. M'mawa uliwonse Kalawe ankaviika lilimelo m'diramu ya mowa wa mawere ndi masuku, n'kumvetsera thovu, n'kunena ngati nthawi yakwana youtsanulira m'migolo ya mlombwa, momwe unkagona miyezi yambiri mpaka kukoma.

Ntchito imeneyi siifuna phuma, siifunanso ulesi. Ukafulumira, mowa umapitiriza kuwira mumgolo mpaka kuuphulitsa. Ukachedwa, kuwawasa kokoma kuja kumapyola muyeso, mowa n'kusanduka viniga woti ngakhale nkhumba ikane.

Maloboti a mtunduwu sankachokera kufakitale ndi nzeru zonse. Ankaphunzira poonerera mwini wake. Kalawe anali atatha zaka akulondola Mai Ndaziona kudimba, kuchigayo, kulikonse, ndipo mayiwo ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti chitsulocho anachilera okha.

Mowa wa ulendo uno unali wa ukwati wa mwana wawo Tsogolani, amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Mwezi. Mayiwo anali atalonjeza kale achibale a mkwatibwi kuti adzamwa mowa woti sadzauiwala.

Tsiku lina m'mawa Kalawe anaviika lilime lake, nanena kuti mowa wapsa, lero ndi lero. Nthawi yomweyo kunamveka kulira kuseri kwa mpanda. Anali atamwalira a Nangondo, mnansi amene Mai Ndaziona sankapatsana naye moni chifukwa cha mkangano wa malire a dimba.

Mwambo ngwodziwika: pamudzi pakagwa maliro, khasu limagona, palibe wogwira ntchito yake. Mai Ndaziona anaima pakhomo mtima uli pawiri. Kenaka anadzipezera kanzeru, akuti mwambo umamanga anthu, osati zitsulo. Anamanga chitenje, nanong'oneza Kalawe kuti atsanule mowawo mwakachetechete, iwo n'kupita kusiwa.

Maliro anachedwa kuikidwa podikira abale akutali, ndipo mayiwo ankagona kusiwa komweko ndi amayi anzawo. Tsiku loika, ali kumanda, anaona anthu akucheuka ndi kukodolana. Kalawe anali pakati pa adzukulu okumba manda, akuwatungira mowa m'chidebe. Maliro atangoikidwa, mayiwo ananyamuka mwaliwiro.

Atafika kunyumba anapeza migolo ili gwa, youma. Fungo la m'diramu linawabaya mphuno asanavundukule n'komwe.

"Kalawe, ndinakuuza chiyani ine?"

"Munati nditsanule, mayi," anayankha Kalawe. "Koma zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti ndizichita monga muchitira inu. Sindinakuonenipo mukugwira ntchito mnzanu ali chigonere. Chimene ndinaona n'chakuti mumatumiza mowa kwa adzukulu."

Mai Ndaziona anakhala pansi pamphasa. Anakwiya, kenaka anachita manyazi, ndipo misozi inatsika ndithu, poti mowawo unawapweteka mtima. Ali chikhalire choncho, kunalowa mwana wamkazi wa malemu uja, amene anali asanapondepo pakhomopo. Anagwada, nathokoza kuti banja lawo silidzaiwala ulemu wotumiza mowa kwa adzukulu, ndipo za malire a dimba zithere pomwepo. Paja amati make mbuu, mwana mbuu: Kalawe anali atatengera mwini wake. Ulendo uno mwambiwo unagwera mbali yabwino.

Pa ukwati wa Tsogolani anthu anamwa thobwa. Malume a mkwatibwi sakanalephera kuseleula, anafunsa mokweza kuti mowa wosaiwalika uja wabisidwa kuti.

"Unawawasa, achimwene," anatero Mai Ndaziona, mutu uli m'mwamba. "Mwana wanga wachitsuloyu anali kumaliro."

Matama awo anachita kuwirikiza kuyambira tsiku limenelo, ngakhale za kunong'oneza kuja sankazitchula. Koma akayang'ana Kalawe akuviika lilime m'diramu yatsopano, ankakumbukira kuti mwana amasunga zimene wakuona ukuchita zaka zonse, osati zimene wamunong'oneza tsiku limodzi.