Zithunzi Zimene Pulogalamu ya Ratri Inasunga

Ratri anakumana ndi Danang pamalo odikirira basi ku Yogyakarta, tsiku limene chikwama chake chinang'ambika n'kumwaza timafulashi ta kompyuta m'matope.

"Dik, timafulashi tonseti n'togulitsa? Nanga kumwetulirako mumagulitsanso?" anafunsa mnyamatayo akumuthandiza kutola. Kumeneko "Dik" ndi mawu oitanira wamng'ono kapena wokondedwa, pomwe "Mas" ndi oitanira mwamuna mwaulemu.

"Muli pulogalamu ya Linux umo, Mas. Gulu lathu likufuna kuti ngakhale mayi wogulitsa chakudya cha gudeg aziika yekha pakompyuta, osapembedza akatswiri."

Sabata yomweyo Danang analowa gululo. Ntchito ankaidziwa ndithu, koma pakamwa ndiye panali uchi! Mauthenga ankachita kupanikizana pafoni: "Nyenyezi yanga, wadya?" "Chikondwerero cha Lebaran chikangodutsa, ndikubwera kwanu ndi makolo anga." Ratri, mtsikana wosatengeka wamba, anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe. Mayi ake anali atayamba kale kusankha nsalu za ukwati.

Gululo linali ndi lamulo limene Ratri anaika yekha. Tsiku loyesa pulogalamu, munthu wosadziwa makompyuta ankakhala kutsogolo n'kuiika yekha, zonse zikuoneka pakhoma. Olemba pulogalamu ankakhala kumbuyo, manja ali pamiyendo. Kulankhula kunali koletsedwa, ngakhale kutsokomola, mpaka munthuyo atamaliza.

Loweruka lina kunafika mayi wamanyazi, laputopu ili m'chikwama cha kumsika.

"Ndine Sekar, wa ku Bantul. Makompyuta sindiwadziwa, musandiseke."

Danang, amene anakhala pafupi ndi Ratri, anangouma gwa. Ratri anaganiza kuti ndi mantha oti pulogalamu iwachititsa manyazi.

Sekar anasankha chinenero, anadutsa. Anasankha mzinda, anadutsanso. Kenaka anafika pa tsamba limene Ratri ankalinyadira koposa, lofunsa kuti, "Tisunge zithunzi zanu izi?" Tsambalo linkaonetsa zithunzizo kuti munthu asazifufute mosadziwa.

Khoma lonse linadzaza ndi ukwati! Sekar ali m'maluwa, pambali pake mkwati akumwetulira. Mkwatiyo anali Danang. Pachithunzi china anali atanyamula khanda.

Ratri anamva kuwawa kumene sanakumvepo chibadwire. Akuwe? Atuluke? Nanga mayi ake akawauza chiyani? Foni inawala pamiyendo pake: "Nyenyezi yanga, ndikufotokozera." Sanaikhudze. Misozi inatsika mpaka pachibwano, koma kukamwa kunali kotseka. Mayi uja anali asanamalize, ndipo Ratri sakanamusokoneza.

Sekar anadina "Inde". Kompyuta inazima n'kuyakanso, ndipo anthu anaomba m'manja.

"Ndakwanitsa ndekha!" anakuwa Sekar, akutembenukira kwa mwamuna wake. "Mas, mwaona? Inu munkati ndisabwere kuno, ati n'zovuta!"

Ratri anapukuta nkhope, anaimirira n'kukamugwira dzanja.

"Mwachita bwino, Mbak," anatero Ratri, akumuitana ndi mawu aulemu oitanira akazi. "Palibe chasowa?"

"Zonse zilipo, Mbak. Ngakhale za mwana!"

Danang anasendera pafupi, akunong'ona. "Dik, tamvera kaye…"

"Dik ndi ndani? Kwa inu ndine Mbak Ratri. Nyamulani laputopu ya akazi anu, n'njolemera, muwaperekeze kunyumba. Lolemba musavutike n'kubwera."

Danang anatuluka chikwama cha kumsika chili m'manja, mutu uli pansi. Ratri anamuyang'ana mpaka chitseko chinatsekeka. Kenaka anakonza mpando wa kutsogolo uja n'kutembenukira kwa anthu amene ankadikira ndi malaputopu awo.

"Wotsatira abwere!"