Chidole cha Malemu Zhiwei

Zhiwei atangoikidwa m'manda, amayi ake, mayi Pang, anamulongedzera mkazi wake Meizhen zovala m'zikwama ziwiri, iwo n'kutsala ndi Tongtong, mdzukulu wawo wa zaka zinayi.

"Mwanayu ndi wa banja la Pang," anatero. "Ukamulera mmene unadwazikira mwana wanga, tiikanso maliro ena."

Anamenyetsa chitseko, Meizhen n'kutsika masitepe akulira.

Komatu zaka ziwiri zonse za matenda, amene ankabereka Zhiwei pochokera kuchipatala, kukwera naye nsanjika zisanu, anali Meizhen yemweyo. Apongozi ankangoima pamwamba manja ali m'chiuno, ati munthu wowonda chonchija sangawefule mkazi, ndi ulesi chabe. Mawu amenewa Meizhen anawasunga, ndipo ndani angamunene?

Iye ankagwira ntchito ku fakitale yopanga zidole zazikulu ngati munthu mumzinda wa Zhongshan, ntchito imene apongozi ankachita nayo manyazi. Koma patatha miyezi isanu ndi itatu chisoni chinawagonjetsa, anatulukira pageti la fakitale chithunzi cha Zhiwei chili m'manja.

"Undipangire mwana wanga. Ndizimukhazika patebulo, ndizimugoneka ndekha."

"Afanane naye motani, amayi?"

"Ndendende. Usachotse kanthu."

Aliyense pafakitalepo amadziwa kuti chidole chopita kwa nkhalamba amachiika siponji m'kati ndi mafupa opepuka, mphira wofewa n'kukhala pamwamba pokha. Meizhen anaika mafupa achitsulo, siponji ayi, n'kuthira mphira wolimba mpaka kudzaza. Nkhope yokha ndiyo anaipanga mwachikondi, misozi ikugwera patebulo. Pasikelo chinafika makilogalamu 58, mmene Zhiwei ankalemerera mwezi wake womaliza.

Loweruka m'mawa galimoto inatsitsa Meizhen ndi bokosi la chidole m'munsi mwa masitepe n'kumapita. Mayi Pang anatsekera Tongtong m'nyumba n'kutsika. Atavundukula bokosilo analira mokweza, n'kukumbatira chidolecho, koma chifuwa chinali gwa ngati thabwa. Anachikoka mkono, chinangowayang'ana. Anadzilimbitsa n'kuchibereka, anakwera masitepe atatu, mawondo anakana, anagwa chidole chitawapsinja mwendo.

"Wandipangira mwala, mfiti iwe!"

"Munati ndisachotse kanthu," anayankha Meizhen ali chiimire. "Ameneyo ndi mwana wanu monga ndinkamunyamulira ine, kawiri pa sabata. Limbani mtima, nsanjika zikadali zisanu."

Anthu a m'nyumba zoyandikana anasuzumira pamasitepe. Onsewo ankamuona Meizhen akukwera ndi mwamuna kumsana, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo ankamva zimene zinkanenedwa pamwamba paja. Palibe anatambasula dzanja.

"Chichotse, mwana wanga, mwendo ukuthyoka," mayi Pang anadandaulira Meizhen.

"Lero ndasanduka mwana wanu? Bweretsani makiyi."

Mayi Pang anayang'ana nkhope za anthu aja, sanapezepo wowamvera chisoni. Anatulutsa makiyi n'kumupatsa. Meizhen anagubuduzira chidole pambali, anakwera, ndipo posakhalitsa anatsika atanyamula Tongtong, nkhope ya mwanayo ataibisa paphewa kuti asaone bambo ake a mphira.

"Nanga ine nditsala ndi yani?" analira mayi Pang, atagwira mwendo wa thalauza la mpongozi wawo.

Meizhen anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, n'kuwaponyera makiyi pamiyendo.

"Ndi mwana wanu, amayi. Ameneyu sadwala, sakutsutsani, ndipo sadzakubweretseraninso mkazi waulesi."