Mapaani Atatu a Sudhakar Jha

Sudhakar Jha anabwera ku Bombay kuchokera ku Darbhanga ali ndi malaya awiri, mkazi ndi nkhani imodzi ya filimu. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri malaya anatsala amodzi. Mkazi wake, Kusum, ankasoka mabulauzi a anthu m'kachipinda kawo ku Jogeshwari, kachipinda koti ukagona mapazi amagogoda chitseko. Nkhani ija inali ikadali pansi pa bedi, makoswe atailawa m'mbali.

Njala ankaipirira. Chimene chinkamudya chinali Pradeep, mnzake amene kale ankagawana naye kapu imodzi ya tiyi. Pradeep anagulitsa nkhani, dzina lake linakwera pa zikwangwani, ndipo tsopano ankadutsa pa galimoto osatsitsa ndi galasi lomwe.

"Munthu woti kalata ya kwa amayi ake ndinkamulembera ndine!" ankatero Sudhakar, mtima ukuwawa.

Ine ntchito imeneyi ndikuidziwa kunja ndi mkati. Zaka makumi atatu ndapesa mitu ya akatswiri a filimu, ndipo sekondale ndinamaliza kwa masisitere ku Mahim, osati za atsikana a lero ogwira chipeso osatha kulemba dzina lawo. Ndiye mverani ine. Kuno akuluakulu sawerenga. Ukawapatsa mapepala amaikapo kapu ya tiyi. Nkhani umaifotokoza pakamwa, maola atatu, mwini ndalama atatsamira pilo. Koma kuti akupatse maola atatuwo, ayambe wakuzolowera. Udye kwawo, udziwe dzina la galu wake, useke nthabwala zake zozizira, ukaonekere pa maliro a apongozi ake. Sudhakar ndinamuuza ndekha, titakumana pa geti la situdiyo: "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Mayi, nkhono yanga ine inafera m'chigoba," anandiyankha.

Khomo limene ankalifuna linali la Bwana Omkar Sethi, mwini mafilimu wamkulu wa ku Juhu. Pakhomopo panali mlembi wake, a Furtado, nkhalamba youma mtima imene inali itamubweza Sudhakar kosawerengeka.

Tsiku lina masana Sudhakar anakwera sitima mpaka ku Mumbra, n'kukwera phiri kupita kwa sing'anga wina amene anthu ankangomutchula kuti Baba. Anamupeza atakhala pa mkeka, akukulunga paani, masamba otafuna aja a laimu ndi mtedza. Sanadzutse mutu.

"Ukufuna ndalama kapena khomo?"

"Khomo, Baba. Ndalama zili kuseri kwake."

"Wachenjera. Okukonda ndi angati? Sindikunena okupatsa moni."

Sudhakar anawerenga ndi zala. "Atatu. Achemwali anga, amayi, ndi mkazi wanga."

"Atatu! Ndiwe mpondamatiki, sukudziwa. Ena amafika pano alibe ndi mmodzi yemwe, ndimangowabweza." Baba anapinda tsamba bwinobwino. "Chikondi ine sindiumba. Ndimangosamutsa. Undibweretsere tsitsi la m'chipeso cha munthu wokukonda. Ndiliotcha, phulusa ndiika mu paani. Wotafuna paaniyo adzakukonda monga momwe mwini tsitsi amakukondera."

"Nanga mwini tsitsiyo?"

"Safa. Ngakhale chimfine sadwala. Ukakhuthulira madzi mu mtsuko wina, woyambawo umasweka?"

"Ayi."

"Umangouma basi."

"Ndikadzafuna kubweza?"

Baba analavula malovu ofiira m'chitini. "Unaonapo paani wotafunidwa akubwerera m'tsamba?"

Ine tsitsi la m'chipeso sindinatayepo pamtunda chibadwire, ngakhale la munthu amene ndimadana naye. Ndimalikulunga m'pepala, n'kulitentha ndekha. Koma Manorama, mchemwali wake wa Sudhakar amene anakwatiwa ku Kalyan, akanamuopa bwanji mlongo wake amene anamulera pamsana? Sudhakar anapita kukacheza, anadya, anaseka, pochoka anali ndi kampukutu ka tsitsi m'thumba.

Baba atakonza paani uja, a Furtado anamutafuna mosafuna, maso ali pa mapepala. Kenaka anadzutsa mutu.

"Iwe chitsiru, wadya lero? Ndipo malaya amenewo ukufuna kulowa nawo kwa bwana? Tiye kuno."

Anamugulira malaya ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kumulowetsa m'nyumba imene anaizungulira zaka zisanu ndi ziwiri.

Litafika tsiku la Rakhi, pamene mkazi aliyense amamanga ulusi padzanja la mlongo wake, Sudhakar anapita ku Kalyan atanyamula nsalu ya sari yatsopano. Manorama anatsegula chitseko pang'ono.

"Oo, Sudhakar. Kwagwanji?"

"Achemwali, lero ndi Rakhi."

"Eti? Ulusi sindinagule." Sanali wokwiya. Anamuyang'ana monga momwe timayang'anira wodzawerenga mita ya magetsi. "Pali china?"

Mu sitima yobwerera Sudhakar anabisa dzanja lake lopanda ulusi m'thumba. Akanalekera pamenepo bwenzi nditamumvera chisoni chokhachokha. Koma tsopano anali ataona mkati mwa nyumba ya Bwana Sethi, makapeti ake ndi mbale zake, ndipo bwanayo ankangomudutsa ngati mpando. Sudhakar anakwera sitima ya masiku awiri kupita ku Darbhanga. Amayi ake anamudzoza mafuta m'mutu, akulira ndi chimwemwe. Iye maso anali pa chipeso chawo.

Paani wachiwiri anagwira ntchito moopsa. Bwana Sethi, munthu woti ana ake enieni ankalankhula naye kudzera kwa mlembi, anamukumbatira Sudhakar pamaso pa anthu. Anamupatsa nyumba ku Versova yoyang'ana kunyanja, galimoto ndi dalaivala wake, ndi malipiro a mwezi ndi mwezi pa ntchito imene palibe ankaidziwa dzina. Pradeep tsopano ndiye ankatsitsa galasi. Makalata a ku Darbhanga anasiya kubwera.

Koma tamvani.

"Bwana, nkhani yanga ija, mukanandipatsa maola atatu okha..."

"Nkhani, nkhani! Taona nthiti zako, mwana iwe. Idya kaye."

Mawa lake: "Bwana, lero muli ndi mpata?"

"Ukutsokomola? Furtado, itana dokotala! Mwana uyu asagwire ntchito sabata ino."

Zaka ziwiri zinatha choncho. Nkhani za ena zinkafotokozedwa m'chipinda chomwecho, zinkajambulidwa, zinkatuluka, iye atakhala pambali ndi mbale ya maswiti pamiyendo. Ananenepa, ndipo anasiya kuseka.

Anabwerera ku Mumbra. Baba anaseka mpaka kutsamwa.

"Amayi ako anamvetserapo nkhani yakoyo?"

"Ayi. Amati za mafilimu n'zachibwana."

"Nanga ukudabwa chiyani? Unabweretsa chikondi cha mayi, walandira chikondi cha mayi. Amene amaimvetsera ndani?"

Sudhakar anatembenuka kuti azipita.

"Ndikufunsa."

"Kusum."

"Ndiye ukudziwa chipeso chake pamene chimakhala."

"Baba, ndi yekhayo watsala."

"Ine sindinakuitane. Njira yotsika phiri ndi yomweyo."

Kusum nkhaniyo ankaidziwa pamtima. Inali ya bambo wopalasa bwato pa mtsinje wa Kosi, amene madzi osefukira anamulekanitsa ndi mwana wake. Anaimva mwina kambirimbiri, makina osokera akulira, ndipo nthawi iliyonse ankalira pamalo omwewo. M'mawa wina akupesa tsitsi pawindo anati:

"Inu, ndimaganiza. Bambo uja akamuona mwana tsidya lina, asafuule msanga. Ayambe wakayika. Anthu adzafa nako kulira."

"Wanena zoona."

"Ndipo tamvani. Tibwerere ku Jogeshwari. Nyumba ino siindisangalatsa. Achemwali anu sabwera, amayi salemba, inu simundiuza kanthu. Kuja tinkagona ndi njala, koma tinkagona."

"Pirira pang'ono. Filimu ikangotuluka ndikugulira chilichonse."

Kusum anaika chipeso pansi n'kupita kukatereka tiyi. Sudhakar anayang'ana tsitsi limene linatsalira m'chipesomo. Kenaka anatambasula dzanja.

Anasankha tsiku lomaliza la chikondwerero cha mulungu Ganapati, tsiku lokamiza fano lake m'nyanja, poganiza kuti bwana adzakhala wokondwa. Apa ndiye anaonetsa kuti si mwana wa Bombay. Ife obadwira kuno timadziwa kuti masiku amenewo mwini nyumba si mwini nyumba. Chilichonse chobwera ndi mlendo chimayamba chafika pa mapazi a mulungu.

M'nyumba munali anthu mazana awiri, ine ndemwe ndinalipo, nditapesa mkazi wa bwana. Sudhakar anapereka paani ndi manja awiri.

"Taonani mwana wanga, sabwera chimanjamanja!" anatero Bwana Sethi. Anamulandira paani uja, n'kutembenuka, n'kumuika pa mapazi a fano la Ganapati.

"Bwana, ameneyo ndi wanu, mutafune..."

"Lero ine ndine wantchito chabe. Adye mwini tsiku."

Wansembe anathirapo maluwa odzaza manja. Ndani angalande chinthu pa mapazi a mulungu anthu mazana awiri akuona? Ndinamuona Sudhakar akuyandikira fanolo, akusuntha pang'onopang'ono, koma ng'oma zinayamba, amuna ananyamula fano ndi maluwa ake onse, paani ali momwemo, n'kukweza pa lole. Sudhakar anathamangira loleyo mpaka kugombe, akukankhana ndi khamu, akufuula mawu amene ng'oma zinawameza. Anyamata analowa nalo fano m'madzi mpaka m'khosi, analimiza katatu, n'kulisiya. Maluwa anayandama pang'ono. Kenaka funde linabwera.

Atafika kunyumba, zovala zili chonyowa, anapeza Kusum atamanga makina ake osokera m'nsalu.

"Ndikupita kwa achimwene ku Patna."

"Ndakulakwira chiyani?"

"Palibe. Ndimasita malaya anu, ndiye ndinangodzifunsa kuti kodi malaya awa ndi a ndani, ndipo ine ndikuwasitiranji." Ankalankhula mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa anyezi.

"Kusum, khala pansi. Ndikufotokozere nkhani ija, pamalo paja unanena ndakonza."

"Ndikhululukireni, sitima ikundisiya."

Ku Mumbra Baba sanamulole ndi kukhala pansi komwe.

"Ntchito yanga sinalephere. Paani wadyedwa. Amene wadyayo akukudikira, ndipo amvetsera mpaka kumapeto."

"Baba, ndithandizeni. Tengani galimoto, tengani nyumba."

"Uli ndi tsitsi lina?"

Analibe.

Patapita miyezi itatu amayi ake anamwalira ku Darbhanga. Palibe anamuuza, pakuti panalibenso womukumbukira. Anadziwira kwa Bwana Sethi. M'mawa umenewo bwanayo analowa mu ofesi, anamuyang'ana Sudhakar ndi mbale yake ya maswiti, n'kukwinya nkhope.

"Furtado, uyu ndani? Amagwira ntchito yanji pano?"

Chikondi chobwereka chinafa ndi mwini wake. Pofika madzulo galimoto inali italandidwa, ndipo sabata isanathe nyumba ya ku Versova inali ndi loko watsopano.

Kuyambira pamenepo Sudhakar ankapezeka pagombe la Versova m'mawa uliwonse, pafupi ndi pamene amayi a asodzi amayanika nsomba. Ankalowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kupereka moni mwaulemu, n'kuyamba kufotokoza. Maola atatu athunthu, osadumpha tsamba. Ankasintha mawu, apa bambo, apa mwana, apa mkokomo wa mtsinje. Amayi a nsomba poyamba ankamuseka: "Alembi, nyanja yati ijambula liti?" Kenaka anasiya kuseka, n'kumamusiyira mpunga patsamba.

A Furtado ankabwera masana aliwonse ndi chakudya, atapuma kale pantchito, miyendo ikuwavuta. Ankaima pamchenga misozi ili mbwembwembwe.

"Chitsiru iwe, tuluka m'madzimo udye! Mayi," anatembenukira kwa ine tsiku lina, "munthu uyu si mbale wanga, si wa mpingo wanga. Nanga mtima ukundipwetekeranji chonchi?"

Tinamutengera kuchipatala kawiri, kawiri konse anathawa. Ndinalembera Kusum kalata ndi dzanja langa, Chihindi chosalala bwino. Anayankha mizere iwiri, yothokoza.

Tsiku lina ndinaima chapatali n'kumvetsera nkhaniyo mpaka pamene mphepo inandilola. Ine ndamva nkhani mazanamazana ndili kuseri kwa mipando ya akuluakulu, ndipo ndimadziwa yabwino ikangoyamba. Imeneyo inali yabwino. Sinkafuna phulusa la munthu aliyense. Nditayandikira kuti ndimve mathero, anandibweza ndi dzanja.

"Mayi, chonde, mukusokoneza. Akumvetsera."

Mvula itayamba, nyanja inakalipa, ndipo asodzi anakokera mabwato awo kumtunda. M'mawa wina Sudhakar anauza amayi a nsomba kuti mafunde akusokosa, womvetsera wake sakumva bwino mathero, ndiye wapempha kuti asendere pafupi. Anamukuwira, mmodzi anamugwira malaya, koma anapulumuka. Anamuona madzi ali m'chiuno, kenaka m'chifuwa, manja akadali m'mwamba, akufotokozabe. Mtembo wake unapezeka ku Madh patapita masiku awiri. Pa maliro ake tinalipo awiri, ine ndi a Furtado.

Inu achinyamata amene mukutsika sitima tsiku ndi tsiku ndi nkhani zanu m'zikwama, mverani mayi amene waona zambiri. Kuzolowerana ndi akuluakulu si tchimo, ndi mmene ntchito ino imayendera, koma kumafuna miyendo, ulemu ndi zaka. Wadyera amafuna kudumpha zakazo, ndipo woti amudumphitse sasowa. Musagule nkhope ya bwana ndi mtima wa munthu wa kwanu. Bwana akakutsekerani khomo mumabwerera kunyumba. Koma mukagulitsa a kunyumbako, tsiku lotsekeredwa mudzalowera kuti?