Mng'alu Umene Tiza Anabisa Yekha

Tiza, mtsikana wokonza mawotchi pamsika wa Mtendere, anakumana ndi Moven pamalo okwerera minibasi, mvula itawapanikiza pakhonde limodzi. Mnyamatayo anali ndi pakamwa pothira shuga. Mvula isanakate anali atamutcha kale "Switi wanga", ndipo Tiza, amene ankaseka anzake okopeka msanga, anapereka nambala osakakamizidwa.

Mameseji anayamba kugwa. "Nizagona bwanji usananiyankhe, Switi?"

Tsiku lolonjeza ukwati, Moven sanabweretse mphete. Anamumanga pamkono wotchi yakale yachimuna, nkhope yake yoyera ngati mkaka. Inali ya inamelo, galasi lopera limene amisiri akunja amaliwotcha m'ng'anjo kambirimbiri mpaka limamatire pamkuwa.

"Inali ya batate banga," anatero Moven. "Iyi siisuluka, monga chikondi changa."

Tiza anasangalala, koma wotchiyo sinali yachilendo m'maso mwake. Chaka chatha mayi wina wa ku Chainda, Chisenga, anabwera ndi wotchi yotereyi, ya malemu bambo ake, kuti akapatse mwamuna wake pa ukwati wawo. Ija inali ndi mng'alu wowonda ngati tsitsi, wochokera pa nambala 4 kukhotera pa 6. Mng'alu wa inamelo sukonzeka. Umangotsukidwa, ndipo litsiro likachoka umabisala. Tiza ndiye anautsuka.

Koma iyi inali yosalala bwinobwino. Kodi mawotchi safanana? Galasi lake loonera tinthu ting'onoting'ono linali pomwepo patebulo, koma analiponya m'dirowa. Ankaopa kudziwa.

Fumbi la Mtendere lilibe chinsinsi. Mphepo ya Ogasiti itawomba, kamzere kakuda kanatulukira pa 4, kukhotera pa 6.

Tiza anayamba kudzifunsa. Kodi Moven anaigula kwa wakuba? Kapena Chisenga anaigulitsa? Nanga bodza la bambo ake linali lachiyani? Atamufunsa, Moven anangoseka, namuuza kuti amaganiza kwambiri. Tiza anasekanso, kenaka anakalira kuseri kwa msika osadziwa chomwe akulirira.

Loweruka m'mawa Chisenga anafika pabenchi ya Tiza, ali ndi pakati, kudzafunsa za wotchi ija.

"Ba sisi, munikumbukila? Nkoloko ija bamuna banga, ba Moven, banataya mu basi. Sibagona nayo nkhawa. Ngati munthu abwela kugulisa, munitumile foni."

Tiza anakokera mkono wa juzi pansi. Akanatha kungovomera, mayiyo n'kumapita. Tiza anamukondadi Moven, ndipo ngakhale panthawiyo ankamukondabe. Komabe anamasula lamba n'kuika wotchiyo patebulo.

"Yapezeka, amayi. Koma mng'alu uja wabwelela. Manje siniubisa futi."

Chisenga anayang'ana wotchi, nayang'ana mkono wa Tiza, osamvetsa. Pomwepo foni ya Tiza inalira patebulo, nkhope ya Moven ikumwetulira pagalasi.

Tiza anaikankhira kwa mayiyo.

"Yankhani ndimwe."