Disiki ya Malemu Achimwene

Madzulo amenewo mmisiri wa makompyuta anatseka shopu ngati masiku onse, nanyamula katoni ya zipangizo zatsopano kupita nayo kunyumba. Kwa zaka khumi anali akumangira anthu ena makompyuta, tsopano anati amange yakeyake. Pofika nthawi yogona anali atamaliza, mawaya onse atawamanga mwaudongo. M'kati mwa kompyutayo munali chinthu chimodzi chokha chakale: disiki ya malemu achimwene ake.

Disikiyo inali ndi nkhani yake. Achimwenewo atamwalira, akazi awo anam'patsa kompyuta yakale ya m'nyumbamo kuti awachotsere zithunzi za ana ndi bambo awo. Iye, poganiza kuti wakopera kale zonse mu fulashi, anafufuta disikiyo kuti adzasungiremo zake, paja mmisiri sataya ngakhale kasukuluu komangira makina. Atatsegula fulashi ija anapeza mulibe kanthu. Anayesa njira zonse zobwezera, koma zinakanika. Kwa alamu akewo anangonena kuti disiki inapsa. Iwo anamuthokoza kuti wayesetsa, ndipo kuthokozako kunkamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Anadina batani. Fani inazungulira, koma sikirini inangoti bii. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu, ndiye inayaka. Makina atsopano sachedwa choncho. Anazimitsa, nazula zonse zolumikiza kumbuyo. Chimodzimodzi. Anachotsa ramu, memore ya makinawo, naipukuta, naibwezera. Analowa m'masetingi nauza makina kuti aziyambira pa disiki yatsopano. Ulendo uno anadikira mphindi zisanu.

Kunena zoona, matendawo ankawadziwa. Kasitomala akanabwera ndi vuto lotere, akanamuuza asanakhale n'komwe pansi kuti makina akudikira disiki yokalamba kuti iyankhe. Koma dzanja lake linkagwira paliponse n'kumailambalala. Ankachita nayo manyazi. Paja mlandu suola.

Kunja kunati zii. Akudikiranso, anaona chipinda chake m'galasi lakuda la sikirini: babu, chitseko, mapewa ake. Pafupi ndi chitseko panaima munthu, manja ali kumbuyo.

Anacheuka. Linali jekete lake pamsomali. Anadziseka yekha.

Anazimitsa, nayatsanso. Disiki inayamba kugunda: ke, ke, ke. M'galasi muja jekete linali pamsomali pake, ndipo munthu uja anali pakati pa chipinda. Nkhope sinkaoneka. Kaimidweko ndiye ankakadziwa, phewa lakumanzere lotsika pang'ono. Umu ndi mmene achimwene ankaimira ali ana, iye akalakwa. Sankakalipa achimwenewo, ngakhale kufunsa. Ankangoima mpaka munthu anene yekha.

Sikirini inayaka, chipinda cha m'galasi chinasowa. Anazimitsa msangamsanga, napisa dzanja m'makina, nazula mawaya a disiki ija, naiika patebulo. Anadina batani. Makina anayaka asanaphethire kawiri. Mumtima anati basi, vuto latha.

Ke, ke, ke.

Disiki inali patebulo, yopanda waya ndi mmodzi yemwe, ikugunda. Kumbuyo kwa mpando wake wina ankapuma pang'onopang'ono.

"Achimwene, sinapse," ananong'ona osacheuka. "Ndinafufuta ndine."

Kugunda sikunaleke. Anabwerezanso mawu omwewo, misozi ili m'masaya, koma kupuma kuja kunangosendera pafupi ndi khutu. Apo m'pomwe anazindikira kuti akuuza munthu wodziwa kale. Woyenera kumva anali wina.

M'bandakucha, mayi woyandikana nyumba ndi alamu aja, potuluka kuti asese, anapeza mmisiri atakhala pakhonde pa alamuwo, kutsidya lina la tauni, wopanda nsapato, kachitsulo atakakumbatira pachifuwa. Alamu atatsegula chitseko, iye anafotokoza zonse asanapatsidwe n'komwe moni. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Alamu, za bodzazo zisiyeni," anatero akazi a malemuwo motsitsa mawu. "Wamng'onoyu wayamba kundifunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji. Simungapezemo ngakhale chithunzi chimodzi?"

Mmisiri anapukusa mutu. Alamu analandira disiki ija ndi manja awiri, nalowa m'nyumba, natseka chitseko osachimenyetsa.

Nkhani inazungulira, monga mudziwa anthu. Ena ankati unali mowa, ngakhale mwamunayo salawa. Ena ankati makompyuta amuzunguza mutu. Mayi wosesa uja satsutsana ndi aliyense. Amangonena, akaonetsetsa kuti ana ali kutali, kuti pakhonde paja anaonapo anthu awiri, wina atakhala, wina ataima kumbuyo kwake. Ndipo akuti mmisiri atanyamuka kubwerera kwawo, woima uja sanatsale.